Kanema m'kalasi mwathu: kope la pulojekita, Januwale mpaka Juni

Januwale, sabata yachiwiri ya teremu

Pulojekita ija yafika Lolemba. Ndi yaing'ono, inagwirapo kale ntchito kwina, ndipo watipatsa ndi mnyamata amene anaphunzira pasukulu pano, tsopano ali pantchito ku Blantyre. Ahedi aipereka m'manja mwanga pamodzi ndi kope lino. Akuti ndizilembamo chilichonse chimene tikuchita nayo, chabwino ndi choipa chomwe, chifukwa komiti ya makolo ndiyo yatulutsa ndalama ya batire latsopano ndi inveta, ndipo pakutha pa chaka idzafuna kumva ngati ndalamayo yapita pabwino.

Tili atatu pantchitoyi: ine wa Chingerezi, madamu a Biology ndi Chemistry, ndi bambo wa Physics ndi Geography. Sukulu yathu ndi yoyendera, kuno ku Chiradzulu. Magetsi a mawaya sanatifike, labotale tilibe, ndipo sola imene ili padenga la ofesi mpaka lero inkangotchaja mafoni ndi laputopu ya ahedi. Tagwirizana kuti funso lathu likhale limodzi basi: mwana akaonera phunziro pa kanema, chimatsala m'mutu mwake n'chiyani? Ine ndikuyamba ndi chiyembekezo chachikulu. Zaka zonsezi ndakhala ndikuphunzitsa Macbeth, sewero la Shakespeare, kwa ana amene sanaonepo nyumba ya mfumu yamiyala kapena nkhondo ya malupanga, ndipo ndimaona m'maso mwawo kuti mawu akudutsa koma chithunzi sichikubwera.

Lachitatu tinayesa. Mawindo a Fomu 4 alibe magalasi, kuwala kumalowa mbali zonse, chithunzi pakhoma chinangoti mbuu. Tapaka laimu khoma lakumbuyo, atsikana abweretsa zitenje zakale, anyamata makatoni a kugolosale, tatseka mawindo. Chithunzi chaoneka. Koma zikangodutsa mphindi 20 m'kalasi mumatentha ngati pauvuni wa njerwa, ana oposa 80 akupumirana mpweya umodzi. Mvula itayamba kugunda malata, sipika yathu inangokhala ngati ikunong'ona. Ndiye kanema aziyamba m'mawa, dzuwa lisanakwere, mvula ya masana isanabwere. Tapempha aphunzitsi anzathu kuti asamatchaje mafoni madzulo ngati mawa lake kuli kanema, batire ligone lodzaza. Si onse akondwa, koma avomera.

Januwale, sabata yachinayi

Lero ndaona chimene kanema angathe kuchita, ndipo ndikufuna ndichilembe chikadali chotentha.

Madamu anali ndi a Fomu 3 pa mutu wa mitosis, kugawikana kwa maselo. Chaka ndi chaka amajambula pabolodi zithunzi zinayi, prophase, metaphase, anaphase, telophase, ana n'kukopera, n'kuloweza. Lero aonetsa kakanema ka mphindi zitatu kojambulidwa pa maikulosikopu: selo lamoyo, ma chromosome akundanda pakati, kenako akukokedwa ena uku ena uku, selo n'kudzimanga m'chiuno mpaka kukhala awiri. Akaonetsa kawiri. Ulendo wachiwiri ankaimitsa n'kufunsa kuti apa tafika pati.

Mtsikana wina wokhala kumbuyo, amene m'phunziro langa sindinamumvepo akufunsa kanthu, anakweza mkono. "Madamu, ndiye kuti sizimaima? Ine ndimayesa selo limafika pa chithunzi choyamba n'kudikira, kenako n'kudumphira pa chachiwiri." Anzake angapo anagwedeza mitu kuti nawonso ankaganiza choncho. Madamu andiuza ku ofesi kuti zaka zonse akuphunzitsa mutuwu sanadziwe kuti choko chawo chimabzala ganizo limeneli. Bolodi silingaonetse chinthu chikuyenda. Sabata yamawa achita chimodzimodzi ndi mavavu a mtima.

Lamulo lathu loyamba tachokera nalo pamenepa: kanema akhale wamfupi, funso lilembedwe pabolodi tisanayatse, ndipo chala cha mphunzitsi chikhale pa batani loimitsira.

Febuluwale, sabata yoyamba

A tcheyamani a komiti abwera okha, osaitanidwa. Ndi bambo wachikulire wosazungulira polankhula. "Aphunzitsi, ife kumudzi tikulimbana ndi ana othawa sukulu kukaonera vidiyo pamsika. Lero tikumva kuti vidiyo yalowa m'kalasi. Ndiye kusiyana kwake kuli pati?"

Funsoli ndi loona ndipo sindinalipeputse. Pamsika pathu pali tinyumba ta vidiyo shoo, mafilimu a karate ndi a chikondi omasuliridwa m'Chichewa ndi ma DJ akuyenda kuyambira m'mawa. Kumeneko ndi kumene ana athu anaphunzira kaoneredwe ka kanema: kulowa, kutsamira, kuseka, kuchemerera, kutuluka. Palibe amene amakufunsa kanthu pambuyo pake. Ndaona ndi maso anga kuti pulojekita ikangoyaka, makope amatsekedwa, zolembera zimalowa m'thumba, thupi la mwana limakhala mmene limakhalira pabenchi ya pamsika. Chizolowezi chimenechi ndi mdani wathu wamkulu kuposa mvula ndi batire.

Ndinawapempha kuti alowe aonere phunziro la mtima. Atatuluka anafatsa, n'kuyamba kusimba za galimoto ya kanema imene inkabwera kumudzi kwawo iwo ali mwana, kuonetsa pabwalo usiku za ulimi ndi ukhondo. Ndinawafunsa chimene akukumbukira. Anakumbukira kulira kwa jenereta, chinsalu choyera, khamu lochokera midzi itatu, ndi munthu wina wa m'filimumo amene anagwa anthu n'kuseka. Phunziro la ulimi lenilenilo linawathawa.

Zimenezi zandipangitsa kuwerenga mbiri yake. Ganizo lophunzitsa anthu a kuno ndi kanema si la lero. Pakati pa 1935 ndi 1937 kunali ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment, imene inapanga mafilimu 35 ku Tanganyika n'kumayenda nawo pa lole mpaka ku Northern Rhodesia ndi kuno ku Nyasaland, ophunzitsa zinthu monga kusunga ndalama ku positi ofesi ndi kuteteza nthaka. Mu 1948 kunabwera Central African Film Unit, yopangira mafilimu anthu a ku Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri aja. Ku America, Thomas Edison ananena mu 1913 kuti posachedwa mabuku adzatha ntchito m'sukulu chifukwa cha kanema. Papita zaka zoposa 100, ndipo chimene ana anga akusowa kwambiri chikadali buku. Amawerenga limodzi anthu asanu. Dziko lathu wailesi yakanema linakhala nayo mu 1999, kotero makolo ambiri a ana athuwa anakula akudziwa kanema ngati chinthu cha pamsika. Nkhawa ya a tcheyamani ili ndi mizu.

Febuluwale, sabata yachitatu

Macbeth ndaionetsa yonse, ngakhale tinapangana za timakanema tatifupi. Ndinaona kuti sewero liyenera kuonedwa lathunthu, popeza Shakespeare analilembera bwalo, osati desiki.

Ndinali ndi mafilimu awiri oti ndisankhepo. Ya Roman Polanski ya 1971 ili ndi malo oonetsa anthu ali maliseche, ndipo m'kalasi ya anyamata ndi atsikana pamodzi, komiti itangotifunsa kumene za vidiyo, sindikanayerekeza. Ndinatenga ya 2015 ya Justin Kurzel, imene akusewera Michael Fassbender ndi Marion Cotillard. Nayonso ndinayamba ndaionera ndekha usiku, cholembera chili m'manja, ndipo malo amodzi a mwamuna ndi mkazi wake ndinawadumpha. Ndi ya mphindi 113, piriyodi yathu ndi ya mphindi 40. Kuphatikiza kumanga zitenje ndi kumasula, yatidyera mapiriyodi anayi. Kwa a Fomu 4 mu Febuluwale, umenewo ndi mtengo waukulu.

Vuto loyamba linali la makutu. Osewera amalankhula motsitsa mawu, Chingerezi cha zaka 400 zapitazo, m'kalankhulidwe ka ku Scotland. Ndinayatsa mawu olembedwa m'munsi, koma amathamanga, ndipo mwana akamawerenga m'munsi nkhope ya wolankhulayo imamudutsa. Tili ndi mtsikana wachialubino amene maso ake saona patali. Mdima wa m'kalasi unamukomera, koma zilembo za pakhoma sankaziona ngakhale atakhala kutsogolo. Tsiku lachiwiri ndinamukhazika patebulo langa kuti azionera pa laputopu penipenipo. Zimenezi ndinayenera kuziganizira tsiku loyamba, ndipo ndamupepesa.

Komabe za paphwando la mfumu sindidzaziiwala. Mzukwa wa Banquo, mnzake amene Macbeth anamuphetsa, utaonekera pakati pa alendo, Macbeth n'kuyamba kubwebweta pamaso pa nduna zake, mkazi wake akuyesetsa kuphimba manyazi, kalasi yonse inangoti zii. Gawo limeneli tinaliwerenga teremu yatha ndipo linangodutsa osasiya kanthu. Titatuluka, ana anaunjikana pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba kutsutsana. Wina akuti woipa ndi mkaziyo. Wina akuti ayi, mwamunayo mtima wofuna mpando anali nawo kale, afiti aja anangokolezera moto umene unalipo. Mnyamata wina anafanizira ndi mkangano wa ufumu wa kumudzi kwawo, pamene abale a mimba imodzi anasiya kudyerana. Ana amene m'kalasi amandiyankha ndi liwu limodzi anakangana za Shakespeare mpaka belu linalira, m'Chichewa, popanda wowatuma.

Ndapita kunyumba mtima uli m'malo.

Malichi, sabata yoyamba

Ndachonga mayeso a Macbeth ndipo tulo sitikubwera.

Funso lina linali losavuta: fotokozani mmene ulosi wa nkhalango ya Birnam unakwaniritsidwira. Ulosiwo unali woti Macbeth sadzagonja mpaka nkhalangoyo itayenda kufika kulinga lake ku Dunsinane. M'buku, mu Act 5, Malcolm, mwana wa mfumu imene Macbeth anaipha, akulamula msilikali aliyense kudula nthambi n'kuinyamula patsogolo pake kuti azondi a Macbeth asadziwe kuchuluka kwa gulu lankhondo, ndipo mthenga akuthamangira kwa mfumu kukanena kuti waona nkhalango ikuyenda. M'filimu ya Kurzel nkhalangoyo akuitentha, ndipo chimene chikufika ku Dunsinane ndi utsi, phulusa ndi timoto touluka ndi mphepo, thambo lonse lili psuu. Ndi chithunzi champhamvu. Nditachonga makope khumi ndinayamba kuwaunjika milu iwiri patebulo, wa nthambi ndi wa moto. Pomaliza, mulu wa moto unatalika kuposa unzake. Chondiwawa n'chakuti m'mulu wa motowo munali makope a ana amene teremu yatha, tisanaonere kalikonse, anandifotokozera bwinobwino za nthambi.

Sizinathere pomwepo. Ena alemba kuti Lady Macduff ndi ana ake anawotchedwa atamangidwa pamitengo. M'buku anaphedwa ndi zigawenga zotumidwa kunyumba kwawo ku Fife. Ena ayamba nkhani ndi maliro a mwana wa Macbeth, maliro amene m'buku mulibe. Mlonda wa pachipata woledzera uja wa mu Act 2, amene filimu inamuchotsa, nayenso wachoka m'mitu ya ana.

Pobweza makope, mnyamata wina wanzeru ndithu anaimirira. "Koma sala, ife tinaona ndi maso athu. Motowo unalipo." Sankachita mwano. Ankakhulupiriradi. Buku anawerenga movutikira, liwu ndi liwu, anthu asanu pa tsamba limodzi. Moto anauona waukulu ngati khoma lonse, ng'oma zikugunda m'sipika. Ziwirizi zikakumana m'mutu mwa mwana, chopambana chimadziwikiratu. Koma wochonga mayeso a MANEB sadzamufunsa zimene anaona pakhoma, adzatsegula buku. Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo ife tinatuma filimu kuti ikatiwerengere buku.

Ndisanaonetse ndinawachenjeza kuti filimu sifanana ndi buku m'zonse. Ndinkayesa zakwana. Usiku uno ndawerenga za kafukufuku wa Andrew Butler ndi anzake ku Washington University in St. Louis, wofalitsidwa mu 2009. Anapatsa ophunzira nkhani za mbiri yakale kuti awerenge, n'kuwaonetsanso zidutswa za mafilimu otchuka pa nkhani zomwezo. Pamene filimu inagwirizana ndi zolembedwa, ophunzira anakumbukira bwino kuposa pamene anangowerenga chabe. Pamene filimu inapotoza, ambiri anakumbukira zopotokazo, ena n'kumatsimikiza kuti anaziwerenga m'nkhani muja. Chenjezo lachisawawa ngati langa lija silinawateteze. Chimene chinathandiza ndi kuwauziratu malo enieniwo amene filimu yasintha. Zimene anapeza kumeneko ndi zomwe zaunjikana patebulo langa.

Malichi, sabata yachiwiri

Sindinafune kungowauza kuti filimu inanama. Kurzel sananame, anasankha. Ndinagawa bolodi pakati, uku buku, uku filimu, ndipo tinaoneranso malo anayi okha, mphindi zisanu zisanu, mabuku ali otsegula. Gulu lililonse lipeze chimene chasintha, lisonyeze mzere wake m'buku, kenako liyankhe: anasinthiranji? Pa za moto, mtsikana wina anati asilikali onyamula nthambi pa kanema akanaoneka ngati akuchokera kotola nkhuni, anthu akanaseka. Pomwe m'sewero mantha amabwera ndi mawu a mthenga, womvera n'kudzionera yekha nkhalangoyo m'maganizo. Limeneli ndi yankho la munthu amene wamvetsa kusiyana kwa sewero ndi filimu. M'zaka zanga zonse sindinalandirepo lotere.

Chinanso. Tsiku loonera lija anyamata a kumbuyo ankanong'onezana, kumasulira ngati ma DJ a pamsika, ndipo ndinawaletsa. Sabata ino ndawaitana kutsogolo. Tazimitsa sipika, phwando lija likuyenda pakhoma, iwo akulankhula m'Chichewa m'malo mwa osewera. Lamulo ndi limodzi: usanene chimene m'buku mulibe, ndipo ukawonjezera zako anzako akuimitse, akusonyeze mzere. Kuti asachite manyazi pamaso pa anzawo, anabwereka mabuku n'kupita nawo kunyumba, ena ndi dikishonale yomwe. Aka n'koyamba kuti shelefu ya Macbeth ku ofesi ikhale yopanda kanthu usiku.

Malichi, sabata yachitatu

Tsiku loipa. Ndilemba mwachidule.

Pa mutu wa kugumuka kwa nthaka, ine ndi bambo wa Geography tinasankhira limodzi kakanema ka pafoni kojambulidwa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, matope ndi miyala zikutsika phiri la Soche kulowa ku Chilobwe. Tinkati chitsanzo chapafupi chiposa za kumaiko akutali. Mkokomo wa madzi utangomveka m'sipika, mtsikana wina anatuluka akulira, mnzake n'kumutsatira. Mnyamata wina anagoneka mutu padesiki osaudzutsanso. Tinazimitsa. Mtsikanayo anataya abale pa mvula yomwe ija kuno ku Chiradzulu, ndipo ife tamuonetsa zimenezi m'mwezi womwewo wa Malichi. Chithunzi cha m'buku mwana akhoza kuchotsapo maso. Mkokomo m'chipinda chamdima chotseka mawindo alibe kouthawira.

Madzulo ndinapita ndi madamu kukapepesa kwa mayi ake aang'ono amene akumulera. Anatiyalira mphasa, anatimvera, anati mwanayo abwera mawa. Wabweradi.

Kuyambira lero, ana aziuzidwa dzulo lake chimene adzaone, ndipo amene safuna akhale panja popanda womufunsa chifukwa. Mutuwo bambo wa Geography aumalizira kuseri kwa kalasi ndi milu iwiri ya dothi, wina wokhala ndi udzu ndi mizu yake, wina wopanda, ndi ndowa ya madzi.

Meyi, teremu yachitatu

A Fomu 2 ndi a Fomu 3 aonera filimu ya William Kamkwamba, The Boy Who Harnessed the Wind, ya 2019, imene anaitsogolera Chiwetel Ejiofor, yemwenso akusewera ngati bambo ake a William. Tinaiika Loweruka m'mawa kuti isadye mapiriyodi, ndipo makolo ena anabwera, a tcheyamani ali pabenchi yakutsogolo.

Zimene Macbeth inatiphunzitsa tazitsata. Tisanayatse, bambo wa Physics anatchula malo enieni. M'filimu makina a mphepo akupopa madzi othirira n'kupulumutsa mudzi ku njala. M'moyo weniweni makina oyamba amene William anamanga kwawo ku Masitala, ku Wimbe m'boma la Kasungu, anayatsa mababu ndi wailesi. Zopopa madzi zinabwera patapita zaka, atadziwika kale ndi kukalankhula kumsonkhano wa TED ku Arusha mu 2007. Anawachenjezanso kuti muli malo a njala ndi imfa.

Poyamba ana anaseka Chichewa cha osewera ena, poti Ejiofor ndi wa ku Britain ndipo Maxwell Simba, amene akusewera William, ndi wa ku Kenya. Kusekako kunatha kokha. Pofika pa njala ya 2001 ndi 2002, banja likudya kamodzi patsiku, anthu akukankhana pogula chimanga, amene ankapukuta misozi anali makolo. Ana nawonso sanafunike womasulira. Chilala cha 2024 anachiona m'mbale zawo. Pamene William akuthamangitsidwa kusukulu chifukwa cha fizi, sindinayang'ane ana ena amene ndikudziwa nkhani zawo. Potuluka a tcheyamani anandigwira dzanja. "Aphunzitsi, iyi ndiye si ya pamsika."

Lolemba anyamata atatu anabwera ndi dayinamo ya njinga m'thumba, akufuna kumanga yawo. Zimenezi choko sichikanachita. Koma bambo wa Physics atafunsa kalasi kuti dayinamo imapanga bwanji magetsi, yankho linali loti imazungulira. Imazungulira, ndiye? Zii. Filimu ya pafupifupi maola awiri inawapatsa njala yofuna kudziwa, koma sinawapatse chidziwitsocho. Bamboyo anaphwasula dayinamo yakufa patebulo, ana atazungulira: nayu maginito, nayu waya wa kopa wokulungidwa kambirimbiri. Maginito akamazungulira pafupi ndi wayayo, magetsi amabadwa m'wayamo. Kenako anagoneka njinga yawo chagada, mwana wina n'kumapukusa pedulo ndi dzanja, pang'onopang'ono babu likungophethira, mwamphamvu babu n'kuwala. Pamenepo ndi pamene makope anatseguka. Ndinawakumbutsa kuti William mwiniwakeyo anayambira pa buku la mulaibulale ya kusukulu ya pulayimale ya kwawo, lotchedwa Using Energy, limene pachikuto pake panali makina a mphepo.

Pamayeso a mlungu womwewo, palibe amene analemba kuti makina oyamba anapopa madzi.

Meyi, sabata yotsatira

Mphunzitsi mnzathu wina anandipempha pulojekita kuti a Fomu 1 azionera chinachake iye ali kuboma tsiku lonse. Ndakana, ndipo ndamufotokozera mwaulemu. Tsiku limene kanema adzakhale mlezi wa ana mphunzitsi kulibe, funso la a tcheyamani lija lidzakhala layankhidwa moipa. Ahedi agwirizana nane: pulojekita isatuluke popanda funso lolembedwa ndi mphunzitsi woima pambali pake.

Ndalama ya bandulo yotsitsira timakanema ikuchokabe m'matumba mwathu, ndipo netiweki imagwira bwino pachulu cha kuseri kwa bwalo la mpira basi. Za mafilimu aatali, ahedi alembera a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso, kuti tiziyenda m'njira yolemekeza eni ake. Sitingaphunzitse ana kuti kuba n'koipa tikuonetsa zobenetsa pamsika.

Meyi, kumapeto

Popeza labotale tilibe, madamu anaonetsa a Fomu 4 kanema wa titration, kuyeza mphamvu ya mankhwala powadonthezera asidi, katatu. Ana anati amvetsa, n'zophweka. Lachisanu tinapita nawo kusukulu ina yapafupi imene ili ndi zipangizo.

Mu kanema, dzanja la katswiri limatsegula kampopi ka burette, chubu chagalasi chokhala ndi miyezo, pang'onopang'ono, madzi apinki a phenolphthalein n'kuyera pa dontho limodzi lomaliza. Ana athu atagwira okha, wina anatsegula kampopi asidi n'kutsika yense nthawi imodzi. Wina ankawerenga muyezo ali chiimire, maso ali pamwamba, m'malo mowerama kuti alingane ndi pamene madzi alekezera. Wina dzanja lamanja likamagwedeza botolo, lamanzere linkaiwala kampopi. Ndinaona mtsikana wina manja akunjenjemera, akuopa kuswa galasi la eni ake. "Madamu, mu vidiyo zimaoneka zophweka."

Madamu akuti Derek Muller, pa kafukufuku wake ku University of Sydney, anapeza zofanana pa Physics. Ophunzira amene anaonera makanema ofotokoza mosalala ankadzimva kuti amvetsa, koma pamayeso sanasinthe kwenikweni. Amene anaonera makanema oyamba ndi maganizo olakwika amene anthu ambiri amakhala nawo, kenako n'kuwatsutsa, anati anali osokoneza, koma ndiwo anakhoza bwino. Ndiye madamu anatulutsa foni n'kujambula manja okhaokha a ana athu akulakwitsa, nkhope osaonetsa. Lolemba anaonetsa pakhoma n'kufunsa kuti apa chalakwika n'chiyani. Mikono inakwera kalasi yonse. Pa timakanema tonse timene taonetsa chaka chino, aka kojambulidwa ndi foni yong'aluka galasi ndi kamene ana apempha kuti kabwerezedwe.

Juni, sabata yachitatu

Lero tinakhala ndi komiti pansi pa mango. Ndinawawerengera kope lino mmene lilili, za mulu wa moto ndi za tsiku la Freddy zomwe, osadumpha. Mayi wina anafunsa ngati ndi bwino kuti asonkhe ndalama ya pulojekita yaikulu ndi sipika yamphamvu. Tonse atatu tinapempha zina: mabuku ena a Macbeth kuti ana aziwerenga awiriawiri, ma burette angapo ndi mabotolo ake, ndi makatani akuda osokedwa bwino kuti zitenje za atsikana zibwerere kwa eni ake. A tcheyamani anati mabuku ayambe, zinazo zidikire anthu agulitse nandolo. Avomerezanso kandalama ka bandulo teremu iliyonse.

A Fomu 4 sakuoneranso kanthu mpaka atalemba MSCE. Masabata otsalawa ndi a buku ndi cholembera. Dzulo ndinawafunsanso za nkhalango ya Birnam, pakamwa chabe. Mnyamata uja anayankha za nthambi, n'kuwonjezera yekha kuti moto ndi wa Kurzel.

Pulojekita ndaipukuta fumbi la pa sefa, chifukwa inayamba kutentha n'kumadzizimitsa yokha. Mkati mwa chivindikiro cha katoni yake ndamata pepala la malo anayi amene filimu ya Macbeth ikusiyana ndi buku, ndi mphindi yake ya malo oti adumphidwe, kuti aliyense wodzaitenga ayambe wawerenga. Madamu asunga timakanema tawo pa fulashi iwiri, ina ku ofesi ina kunyumba. Mu Sepitembala tiyamba ndi a Fomu 1 atsopano, ndipo kanema woyamba adzakhala wa mphindi ziwiri, makope ali otsegula.